Maola 12 popita, maola 14 pobwera: ulendo wa pandege pakati pa Johannesburg ndi Sydney

Pakati pa bwalo la ndege la OR Tambo kuno ku Johannesburg ndi bwalo la ndege la Kingsford Smith mumzinda wa Sydney ku Australia pali mtunda wa makilomita pafupifupi 11,000. Mtunda umenewu susintha, kaya munthu akupita kaya akubwera, komabe ndege yosaima panjira imatenga maola pafupifupi 12 popita ku Sydney, pamene pobwera kuno imatenga maola pafupifupi 14. Amalawi anzanga okhala kuno ku Joni, makamaka amene ana awo kapena abale awo akugwira ntchito kapena kuphunzira ku Australia, akhala akundifunsa za maola awiri owonjezerawa, chifukwa akudziwa kuti achemwali anga amakhala ku Sydney ndipo njirayi ndinaiyendapo. Ndikufuna kufotokoza bwinobwino zimene zimachititsa kusiyanaku, pakuti munthu amene wamvetsa nkhaniyi amagula tikiti mozindikira, ndipo amauza abale ake tsiku lenileni loti akamudikire.

Ambiri a ife ulendo wa pandege umene timaudziwa bwino ndi wopita kumudzi. Kuchoka ku OR Tambo kukafika pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 1,500, ndipo ndege imatenga maola awiri ndi theka kapena kucheperapo pang'ono. Kukatera ku Chileka ndi pafupi kuposa pamenepo. Amene tinazolowera basi yonyamukira ku Park Station, kudutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza, timadziwa kuti ndege imatha m'maola awiri ulendo umene pamsewu umadya usana ndi usiku n'kupitirira. Koma pali chinthu chimodzi chimene ulendo wa kumudzi sutiphunzitsa. Malawi ndi South Africa amayendera nthawi imodzi, choncho munthu akaona pa tikiti kuti anyamuka 10 koloko m'mawa n'kufika 12:30 masana, amangochotsera n'kupeza kutalika kwa ulendo wake popanda cholakwika. Masamu omwewo akawagwiritsa ntchito pa tikiti ya ku Sydney amamusocheretsa kwambiri.

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville, mayi wina wachikulire, amene mwana wake ndi namwino ku Sydney, ananditengera pambali n'kutulutsa m'chikwama pepala la tikiti lopindidwa kanayi. Anali atalemba mizere ndi bolopeni pansi pa nthawi zonse zinayi, ndipo m'mphepete mwa pepalalo munali masamu awo olemba ndi manja. Anati, "Mwana wanga, tandionere pepalali. Popita akuti ndikhala m'ndege maola 20, koma pobwera maola 6 okha. Kodi kompyuta yalakwitsa, kapena pobwera andikweza ndege ina yothamanga kwambiri?" Ndinawayankha kuti, "Ayi amayi, pepalali lili bwinobwino, ndipo ndege ndi yomweyo. Kungoti nthawi iliyonse imene yalembedwa apa ndi ya kumalo kumene ndegeyo ili pa nthawiyo." Ndinawaonetsanso kachizindikiro ka +1 kamene kanali pambali pa nthawi yofikira ku Sydney, kotanthauza kuti ndegeyo ifika tsiku lotsatira, kamene iwo anali asanakaone n'komwe chifukwa kamalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono.

Nkhani yake ili motere. Sydney ali patsogolo pa Johannesburg ndi maola 8, ndipo kuyambira Lamlungu loyamba la Okutobala mpaka Lamlungu loyamba la Epulo, pamene kumeneko amasuntha mawotchi awo ndi ola limodzi chifukwa cha nyengo yotentha, kusiyanako kumakhala maola 9. Tiyerekeze kuti m'mwezi wa Juni ndege yanyamuka kuno Lolemba 6 koloko madzulo. Ikauluka maola 12, wotchi ya ku Joni imakhala ikunena 6 koloko m'mawa Lachiwiri, koma ku Sydney imakhala ili kale 2 koloko masana, ndipo n'zimene zimalembedwa pa tikiti, choncho wowerenga amaona ngati padutsa maola 20. Pobwera zinthu zimatembenuka. Ndege yonyamuka ku Sydney 10 koloko m'mawa ikauluka maola 14, ku Sydney kumakhala kuli pakati pa usiku, pamene kuno ili 4 koloko madzulo a tsiku lomwelo, ndipo pa pepala zimaoneka ngati ulendo wonse watenga maola 6. Chodabwitsa n'chakuti ulendo umene pa pepala ukuoneka waufupiwo ndi umene uli wautali kwenikweni.

Kusiyana kwa mawotchi kumangosokoneza kawerengedwe, koma maola awiri aja ndi enieni, ndipo gwero lake ndi mphepo. Ndege zikuluzikulu zimauluka pa mtunda wa makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi, pa liwiro la makilomita pafupifupi 900 pa ola, koma liwiro limeneli limayezedwa poyerekeza ndi mpweya umene ndegeyo ikudutsamo, osati nthaka. Kum'mwera kwa dziko lapansi, pamwamba pa nyanja yaikulu imene ili pakati pa Africa, Australia ndi Antarctica, kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo kupita kum'mawa chaka chonse, ndipo m'mwamba mmene ndege zimadutsamo mphepoyi imatha kupitirira makilomita 200 pa ola. Ndege yopita ku Sydney imakhala ndi mphepoyi kumbuyo ndipo imakankhidwa, pamene yobwera ku Johannesburg imalimbana nayo maso ndi maso. Mukagawa makilomita 11,000 ndi maola 12 mupeza makilomita oposa 900 pa ola, koma mukagawa ndi maola 14 mupeza osakwana 800, chonsecho injini zikugwira ntchito mofanana mbali zonse ziwiri.

Anthu ena amaganiza kuti popeza dziko limazungulira kulowera kum'mawa, ndege yopita kumadzulo iyenera kufika msanga chifukwa Johannesburg amakhala akubwera kudzakumana nayo. Maganizowa amamveka anzeru, koma sali choncho, chifukwa mpweya wonse wokuta dzikoli umazungulira limodzi ndi dzikolo, ndipo ndege imanyamuka ili kale ndi liwiro la kuzungulirako. Kuzungulira kwa dziko kumakhudza ulendowu m'njira ina: mpweya wotentha wochokera chapakati pa dziko ukamapita kumadera ozizira a kum'mwera, kuzungulirako kumaupotoza kuti ulowere kum'mawa, ndipo mphepo ija imabadwira pamenepo. Motero kuzungulira kwa dziko kumathandiza amene akupita kum'mawa, osati amene akupita kumadzulo.

Chinthu chachiwiri chimene chimadabwitsa anthu ndi njira imene ndegeyi imadutsa. Pa mapu a pakhoma amene tinaphunzirira ku sukulu, Johannesburg ali pa madigiri 26 kum'mwera ndipo Sydney ali pa madigiri 34, choncho munthu amayembekezera kuti ndege ingowongoka kulowera kum'mawa, kudutsa kumunsi kwa Madagascar, kenako Perth, mpaka kukafika. Koma mukakhala m'ndegemo n'kuyang'ana pa kagalasi kamene kali kumsana kwa mpando wa kutsogolo kwanu, mumaona kandege kakang'ono katachoka pagombe la KwaZulu-Natal n'kumatsetsereka kulowera kum'mwera, kutali ndi mtunda uliwonse, ndipo mzere wa ulendo umaoneka wokhota kwambiri. Woyendetsa ndege sakhala kuti wasochera kapena akuzungulira dala. Dziko ndi lobulungira, ndipo mapu afulati amatambasula madera a kum'mwera ndi a kumpoto kuposa mmene alili. Mukatenga lalanje n'kuikapo timadontho tiwiri totalikirana cham'munsi mwake, kenako n'kukoka ulusi pakati pa timadonthoto mpaka utakungika, muona kuti ulusiwo sutsata mzere wozungulira lalanjelo koma umadutsa kufupi ndi kunsi kwake. Njira yaifupi kwambiri pakati pa mizinda iwiriyi imatsika mpaka madigiri pafupifupi 50 kum'mwera. Pobwera, pofuna kuzemba mphepo yolimba ija, oyendetsa ndege nthawi zina amatsika kupitirira madigiri 60, ndipo popeza ulendo wobwerawo umachitika masana, kunja kukakhala kopanda mitambo apaulendo amatha kuona madzi oundana akuyandama panyanja. Apa n'pamene pamaonekera kuti njira yaifupi pa makilomita si nthawi zonse imene imakhala yaifupi pa maola. Ndege imalolera kuwonjezera mtunda kuti ipulumutse nthawi ndi mafuta, ndipo njira imasankhidwa mwatsopano tsiku lililonse malinga ndi mmene mphepo ilili.

Ine ndimaona kuti gawo limeneli la ulendo ndi limene liyenera kupatsidwa ulemu waukulu. Kwa maola ambiri ndegeyo imakhala pamwamba pa madzi okhaokha, ndipo mabwalo amene ingapatukireko zinthu zitavuta ndi ochepa ndiponso otalikirana: Durban kumbuyo, Mauritius kumpoto, Perth, Hobart kapena Melbourne kutsogolo. Pali malamulo a zaulendo wa pandege amene amanena kutalika kumene ndege ya injini ziwiri ingatalikire kuchoka pa bwalo loti n'kuterapo injini imodzi itazima, ndipo n'chifukwa chake kwa zaka zambiri kampani ya Qantas inkayendetsa njirayi ndi ndege za injini zinayi za Boeing 747. Kampani ya V Australia itayamba ulendo wa pakati pa Melbourne ndi Johannesburg m'chaka cha 2010 ndi ndege ya injini ziwiri ya Boeing 777, malamulo a nthawiyo anaikakamiza kudutsa njira ya chakumpoto yotalikirapo, ndipo ulendowo unathetsedwa chaka chotsatira. Injini zitayamba kukhala zodalirika kwambiri malamulowo anafewetsedwa, ndipo Qantas itapumitsa ndege zake za 747 m'chaka cha 2020, ndege za injini ziwiri za Boeing 787 zinatha kuyenda njirayi. Kutalikirana ndi anthu kwa dera limeneli kuli ndi zotsatira zinanso: mu Januwale 2025 Qantas inalengeza kuti maulendo ake ena a pakati pa Sydney ndi Johannesburg anachedwetsedwa chifukwa zidutswa za maroketi a kampani ya SpaceX zinkayembekezeka kugwera kum'mwera kwa nyanja ya Indian Ocean, kumene kunasankhidwa chifukwa choti kulibe anthu.

Bwalo lathu la OR Tambo nalonso lili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene la ku Sydney lili m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, ku Botany Bay. Pamalo okwera chonchi mpweya umakhala wopepuka, ndipo kukatentha umapepukirapo, choncho injini sizikoka mwamphamvu ngati mmene zimakokera kugombe ndipo mapiko amafuna liwiro lalikulu kuti anyamule ndege. N'chifukwa chake msewu wautali wothamangirapo ndege pa OR Tambo ndi wa mamita oposa 4,400, umodzi mwa misewu yaitali kwambiri pa mabwalo a ndege zonyamula anthu, ndipo amene anakhalapo pawindo m'ndege yodzaza mafuta a ulendo wautali amadziwa mmene imathamangira nthawi yaitali isanadzuke, mpaka mtima kuyamba kufunsa ngati msewuwo sutha. Kulemera kumene ndege ingadzuke nako kuli ndi malire, ndipo mafuta, anthu ndi katundu zimapikisana pa malire omwewo. Mwayi wa ulendo wa ku Sydney ndi wakuti mbali yonyamukira pamalo okwera ndi imene ili ndi mphepo kumbuyo. Maulendo opita ku America alibe mwayi umenewu, ndipo kwa zaka zingapo ndege za South African Airways zopita ku New York zinkaima ku Dakar kukathira mafuta popita, koma pobwera zinkatha kufika kuno osaima.

Si onse amene amakwera ndege yosaima panjira, chifukwa nthawi zambiri tikiti yodzera kwina imatsika mtengo, ndipo ndalama ya munthu wogwira ntchito kuno imakhala ndi zochita zambiri. Koma ndi bwino kudziwa chimene ukugula. Kudzera ku Perth ndiko kumapatuka pang'ono, chifukwa kuchoka kuno kukafika ku Perth ndi makilomita pafupifupi 8,300, ndipo kuchoka ku Perth kukafika ku Sydney ndi pafupifupi 3,300. Kudzera ku Singapore mtunda wonse umafika pafupifupi makilomita 15,000. Kudzera ku Dubai munthu amayamba wapita kumpoto makilomita pafupifupi 6,400 kwa maola 8, kenako n'kuuluka makilomita enanso 12,000 kwa maola pafupifupi 14, kutanthauza kuti gawo lachiwiri lokhalo ndi lalitali kuposa ulendo wonse wochoka kuno mwachindunji. Mukaphatikizapo maola odikira ndege yachiwiri, ulendo wa maola 12 umasanduka wa tsiku lathunthu n'kupitirira. Kwa mnyamata wamphamvu amene akupulumutsa ndalama za fizi, zimenezi n'zopiririka. Koma pamene ana akugulira tikiti kholo lokalamba, lodwala miyendo kapena shuga, limene silinazolowere kufunafuna geti pa bwalo lalikulu lachilendo pakati pa usiku, ine ndimalangiza kuti asonkherane n'kulipira ndege yosaima, ngakhale ikhale yokwera mtengo.

Kuti tione kukula kwa zimene zasintha, ndi bwino kukumbukira chaka cha 1952. M'mwezi wa Meyi chaka chimenecho, ndege ya Comet ya kampani ya BOAC inachita ulendo woyamba padziko lonse wa ndege ya jeti yonyamula anthu olipira, kuchoka ku London kubwera ku Johannesburg, ndipo inatenga maola pafupifupi 24 itaima ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone. Lero ulendo umenewo ndi wa maola pafupifupi 11. Mu Sepitembala chaka chomwecho Qantas inayamba kunyamula anthu pakati pa Sydney ndi Johannesburg ndi ndege ya Lockheed Constellation, imene inkaima ku Melbourne, Perth, pa zilumba za Cocos ndi ku Mauritius, ndipo ulendowo unkatenga masiku pafupifupi atatu. Ndege za nthawiyo zinkachita kudumpha kuchoka pa chilumba china kupita pa china chifukwa mafuta sakanakwana kuoloka nyanja yonseyo kamodzi.

Maola olembedwa pa tikiti amawerengedwa kuyambira pamene ndege yachoka pa geti mpaka pamene yaima pa geti la kumene ikupita, koma ulendo wa munthu umayamba kale kwambiri. Pa maulendo akunja amafuna kuti munthu afike pa bwalo maola atatu ndege isananyamuke, ndipo amene akuchokera ku Rosettenville, Yeoville kapena Mayfair madzulo a tsiku la ntchito ayenera kuganizira za kuchuluka kwa magalimoto pa msewu wa R24. Sitima ya Gautrain yochokera ku Sandton imatenga mphindi pafupifupi 15 zokha, ngakhale ndi yodula. Kofikirako nakonso kuli nthawi yake. Dziko la Australia limakhwimitsa kwambiri malamulo a zakudya, mbewu ndi zinthu zochokera ku nyama, ndipo munthu aliyense amadzaza kakhadi konena zimene wanyamula. Ife timakonda kunyamulira abale usipa, mtedza, ufa ndi mpunga wa Kilombero, ndipo zinthu zoterezi ziyenera kulembedwa pa kakhadiko mosabisa. Zina amazilola atazifufuza, zina amazilanda, koma wobisa amalipitsidwa chindapusa chachikulu. Mzere wa anthu amene alemba kuti ali ndi zakudya umayenda pang'onopang'ono, choncho wokakudikirani auzidwe kuti mwina mutuluka patapita ola kapena kupitirira ndege itatera. Bwalo la ku Sydney limaletsanso ndege zambiri kutera kapena kunyamuka pakati pa 11 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa pofuna kuteteza anthu oyandikana nalo ku phokoso, ndipo lamuloli limakhudza nthawi zimene ndege zopita kumeneko zimaikidwa.

Thupi nalo lili ndi wotchi yake imene sisintha chifukwa choti ndege yatera. Munthu akafika ku Sydney masana, thupi lake limaona ngati kukungocha kumene, ndipo usiku wa kumeneko ukafika tulo timakana chifukwa kuno kumakhala kudakali masana. Anthu ambiri amavutika kwambiri popita kum'mawa kusiyana ndi pobwera kumadzulo, chifukwa n'kosavuta kuchedwa kugona kusiyana ndi kudzikakamiza kugona tulo tisanabwere. Zimenezi zikutanthauza kuti ulendo waufupi wa maola 12 ndi umene umasiya thupi lolobodoka kwa masiku angapo, pamene wautali wa maola 14 umatopetsa msana ndi miyendo koma umazolowereka msanga. Amene akupita ku ukwati, ku mwambo wa omaliza maphunziro kapena kukayamba ntchito asakonze zofika dzulo lake la mwambowo. M'ndegemo ndi bwino kumwa madzi pafupipafupi ndi kudzuka n'kuyendayenda pakati pa mipando, chifukwa kukhala malo amodzi maola ochuluka chonchi kumatha kuchititsa magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo amene ali ndi matenda okhalitsa aonane ndi dokotala asananyamuke.

Kwa abale ochokera kumudzi amene Johannesburg ndi pongodutsira, pali kuwerengera kwinanso. Popita zimagwirizana bwino ngati ndege ya ku Lilongwe kapena ku Chileka yafika kuno masana ndipo ya ku Sydney ikunyamuka madzulo, bola pakati pakhale maola okwanira, makamaka ngati matikiti awiriwo agulidwa padera ndipo munthu ayenera kutenga katundu wake n'kukamuperekanso. Pobwera, ndege ya ku Sydney imatera kuno chakumadzulo, pamene ndege zambiri zopita ku Malawi zimanyamuka m'mawa kapena masana, choncho nthawi zambiri pamafunika kugona usiku umodzi ku Joni. Wokhala ndi pasipoti ya Malawi amaloledwa kulowa mu South Africa kwa masiku 30 popanda viza, choncho kutuluka pa bwalo si vuto, koma malo ogona ndi munthu wokamutenga pa OR Tambo ziyenera kukonzedwa tikiti isanalipiridwe.